Womugwira Dzanja Tsabola Pageti la Sukulu

14 Juni

Bambo a Tsabola,

Moni kunyumbako: kwa inu, kwa Tsabola, ndi kwa mng'ono wanga amene ndinamubwereka kuti akuthandizeni kulera mwana, koma pano akuoneka ngati ndinamusiyira nyumba ndi makiyi omwe. Ine ndili bwino. Chimfine chija chinatha, chatsala chifuwa cha m'mawa chimene aliyense mu hositelo muno ali nacho, moti tikamadzuka mumamveka ngati mwalowa mbuzi.

Ndabwerera ku pepala chifukwa pafoni mwaphunzira luso. Ndikangofika pa nkhani yeniyeni mumayamba "halo, halo, netiweki." Mphunzitsi wa masamu wathunthu, kumanamizira mlongoti wa foni. Papepala palibe netiweki. Muwerenga mpaka pansi.

Nkhani yabwino ndi iyi: bwana wavomera tchuthi. Makina athu aakulu opangira magetsi aja, tebaini, tiwazimitsa mwezi wamawa kuti tiwatsegule, ndipo tikangowatseka n'kuwaliza ine ndikwera basi. Ndifika sukulu isanatsegulidwe. Ndiye mumve bwino. Tsiku loyamba la Tsabola kusukulu, womugwira dzanja mpaka pageti ndine. Si inu, si mlamu wanu. Ndinaphonya tsiku limene anasiya kugona chala chili mkamwa, ndinaphonya chikuku chake, ndinaphonya tsiku limene analemba chilembo choyamba pakhoma la eni nyumba. Ili lokha ndalisungitsa. Chikwama ndagula kale, chofiira, chili m'sutikesi pansi pa bedi. Mitengo kuno yapenga, koma ndinatseka maso.

Munafunsa choti muziwauza aphunzitsi anzanu akafunsa ntchito ya akazi anu, poti mawu akuti injiniya akuti sakukwana. Auzeni kuti ndimalondera mpata. M'kati mwa tebaini muli magudumu achitsulo, lililonse lotalika kuposa inu mutavala chipewa. M'mphepete mwake muli mapiko amene moto umawomba kuti gudumu lizungulire. Mapikowo moto amaupirira, koma thupi la gudumu siliufuna. Choncho timalipopera mpweya wozizirirako, ndipo kuti mpweyawo usathawe pali chotchinga, kuno timati siili: timano tachitsulo tozungulira gudumu, toyang'anizana ndi chitsulo chofewa chooneka ngati zisa za njuchi. Timanoto sitiyenera kukhudza zisazo, sitiyeneranso kutalikirana nazo. Mpata wake ndi makulidwe a chikhadabo. Ukakula, mpweya wozizira umathawa, moto n'kulowa m'malo mwake, gudumu n'kuyamba kupsa. Zaka zanga zonse za ku yunivesite zinathera pa chikhadabo chimenecho.

Chithunzi ndalandira. Tsitsi la mwana anamuluka ndani? Mizere yowongoka ngati anachita kuyeza ndi rula. Mng'ono wanga ameneyu tili ana ankalephera kuluka ngakhale chidole, waphunzira liti? Komanso kumbuyo kwa mwanayo ndikuona makatani achilendo. Anga obiriwira aja apita kuti?

Ndatumiza kangachepe ndi dalaivala wa basi yemwe uja. Yunifomu musagule. Tidzakagula ine ndi mwini wake.

Mkazi wanu, mmodzi yekhayo malinga ndi zikalata,
Make Tsabola


2 Julayi

Aphunzitsi,

Kalata yanu yafika, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino. Ndakondwa pang'ono chabe, chifukwa mawu akuti "tili bwino kwambiri" ali pa ndime iliyonse, ngati anthu osasowa kanthu. Mwamuna wanzeru akanaikapo kamutu kowawa, kapena batani lothothoka pa shati, kuti mkazi wake apeze tulo. Ine ndili moyo.

Za makatani ndamva. Akuti anasuluka. Chabwino. Ndinawasankha nditazungulira masitolo tsiku lonse ndili ndi pakati, koma anasuluka. Mwatinso thalauza lanu lotuwa lija likukana kutseka chifukwa mlamu wanu amaphika bwino. Zimenezo mumalembera mkazi amene anakudyetsani zaka zonse zija inu osanenepa ngakhale chala? Ine ndinkayesa chibadwa.

Koma zonsezo n'zazing'ono. Lamlungu lija pafoni ndinamufunsa Tsabola kuti wadya chiyani. Anachotsa pakamwa pafoni n'kufuulira kukhitchini kuti, "Amayi, tadya chani paja?" Ine kuno, foni ili pakhutu, ndinatsala pang'ono kuyankha. Ndinamuphunzitsa ndekha ndisanachoke kuti awa ndi amayi aang'ono. Mawu achiwiriwo agwera kuti? Munati ndi aatali kwa mwana. Mwana amene amatha kunena helikopita ndi ambulansi walephera "aang'ono"? Mundipezere bodza lina, ili lalephera mayeso.

Kuntchito nako sikukundisangalatsa. Makinawa amakonda kuyenda osapumira, koma eni ake amawaliza madzulo anthu akamaphika ndi kusita, n'kuwazimitsa anthu akagona, mawa chimodzimodzi. Chitsulo chikatentha chimafufuma, chikazizira chimabwerera, ndipo gudumu ndi chivindikiro chake sizifufuma nthawi imodzi. Ndiye tsiku lililonse timano tija timakanda zisa pang'ono, ndipo chimene chakandika sichimeranso. Kachipangizo koyeza kutentha pakati pa gudumu loyamba ndi lachiwiri kakhala kakukwera mwakachetechete kuyambira chaka chatha. Ndinawaonetsa bwana. Bwana wathu timangowatchula kuti a Zilibwino, chifukwa ngakhale denga litawagwera angatulutse mutu pansi pa malata n'kunena zomwezo. Anayang'ana, anati kachipangizoko kakalamba.

Mwina kakalambadi. Ndikufunitsitsa kuti kakhale kokalamba.

Mng'ono wanga mumupatse moni. Moni yekha.

Make Tsabola


21 Julayi

Bambo a Tsabola,

Ndikhulupirira kuti chifuwa cha mwana, chimene munachitchula mu mzere womaliza ngati nkhani ya nyengo, chatha. Nkhani zotere ziziyamba kalata. Ine ndili bwino, kupatula msana ndi zikhadabo zakuda zimene sopo wazilephera.

Tatsegula makina aja. Mabawuti ake ndi onenepa ngati mwendo wa Tsabola, mmene ndinausiyira, panopa sindikudziwa. Mdala woyendetsa kireni anakweza chivindikiro pang'onopang'ono akung'ung'udza kanyimbo, tonse tili khosi m'mwamba. Nditakwera pamakwerero ndi tochi ndinaona zimene sindinkafuna. Zisa zija zakumbika tingalande tosalala, tonyezimira, m'malo ena mpaka pansi. Timano tina tapindika nsonga. Ndipo m'mphepete mwa gudumu lachiwiri, mmene muyenera kuoneka motuwa ngati phulusa, mwasanduka mtundu wa biringanya. Moto wakhala ukunyambita pamenepo. Mdala wa kireni anatsika, anasuzumira, n'kunena kuti, "Mwanawe, mphika uwu wina anauiwala pamoto." A Zilibwino anati ndi mtundu chabe, mtundu suphulika.

Maso sasaina chikalata, ndiye tiyeza. Njira yake mungaseke, inu a masamu. Timadula waya wofewa wa mtovu, timamugoneka pa timano, timatsitsa chivindikiro n'kuchimanga, kenako timakwezanso. Waya amatuluka ataphwanyika, ndipo makulidwe a pamene paphwanyikapo ndiwo mpata. Makina a mtengo wogula tawuni yonse, woweruza wake ndi kawaya kamene mungakapinde ndi zala ziwiri.

Tsopano inu. Mwalemba mosangalala kuti mlamu wanu anapita naye Tsabola kukaona sukulu "kuti azolowere njira." Akuti anafika mpaka pageti, mlonda anawapatsa moni, mwana anagwira zitsulo n'kusuzumira m'kati. Bambo a Tsabola, geti limenelo ndinalisungitsa, ndipo kalatayo munaiwerenga chifukwa munandiyankha za makatani. Munthu akasungitsa mpando m'basi, mnzake sakhalapo n'kumati akumutenthetsera. Anamugwira dzanja liti? Ayi, musandiuze. Ndiuzeni.

Yunifomu musagulebe.

Make Tsabola


4 Ogasiti

Bambo a Tsabola,

Moni nonse. Thupi lili bwino. Kalata iyi muwerenge muli nokha, osati patebulo ndi mawu anu a m'kalasi aja.

Waya anatuluka wozungulira monga tinamugonekera. Chivindikiro sichinamukhudze n'komwe. Tinaika wonenepa, nayenso anangosisitidwa pamwamba ngati mwana wogona. Mwachidule, mpata umene uyenera kukhala chikhadabo chimodzi wakwana zitatu. A Zilibwino anati titsitsenso, mwina chivindikiro chinakhala mopendekeka. Tinatsitsa. Anati titsitsenso. Mdala wa kireni anafunsa ngati tikudikira kuti chitsulo chichite manyazi.

Zisa zatsopano m'nyumba yathu yosungira katundu mulibe. Ziyenera kuchokera kwa amene anapanga makinawo, ndipo akuti zifika pakati pa Seputembala. Sukulu ikutsegulidwa kumayambiriro. Masamu amenewo musavutike kundithandiza.

A Zilibwino anandiitanira mu ofesi. Anandipatsa mpando, chinthu chimene sanachitepo, ndi tiyi m'kapu ya alendo.

"Injiniya," anatero, "makinawa ayenda chonchi chaka chonse osaphulika. Titseke, ayende mpaka chaka chamawa, anthu apite kwa ana awo. Inunso muli ndi kamtsikana, si choncho?"

Ndinati ndili nako.

"Ndiye vuto lili pati? Pakufunika kawaya kamodzi kophwanyika bwino m'kaenvulopu, ndi dzina lanu pansi."

Ndinati kawaya koteroko makina sanandipatse.

"Imwani tiyi, angazizire," anatero.

Ananenanso zina zokhudza kontirakiti yanga ya chaka chamawa, koma zimenezo n'za pakamwa, tidzakamba.

Potuluka ndinapeza anzanga a pa makina atakhala pabenchi. Nawonso tchuthi chawo chamangiriridwa pa chivindikiro chomwecho. Mmodzi, bambo wa ana anayi amene sanandilakwirepo, anaimirira n'kundiika pulayala m'thumba la ovolosi. Anabwerera pabenchi. Mtovu ndi wofewa, kungofinya pang'ono basi, palibe angadziwe ngati anaphwanya ndi makina kapena munthu.

Pulayalayo ili pano pakatebulo, pakati pa ketulo ndi chithunzi cha tsitsi lolukidwa bwino lija. Ndakhala ndikudzifunsa: kukanakhala kuti kunyumbako kuli inu nokha, mukupsereza mpunga ndi kumuveka mwana diresi chakumbuyo, kodi ndikanaiyang'ana kawiri? Ndikuganiza kuti ayi. Ndikanati mwana akundisowa, andidikira. Ndiye mumuuze mlamu wanuyo, kapena ayi musamuuze, kuti kuphika kwake kwatsala pang'ono kuphulitsa tebaini m'dziko la eni.

Tsabola asamve kalikonse.

Make Tsabola


12 Ogasiti

Aphunzitsi,

Ndili bwino. Inunso muli bwino, ndaona, inu nthawi zonse muli bwino.

"Chitani zoyenera, mayi, Tsabola ali m'manja abwino." Chiganizo chimenechi ndachiwerenga m'basi, m'kantini ndi pamzere wa kubafa. Mukanalemba kuti "bwerani, zatikanika," ndikanakulalatirani, n'kutsala kuno ndi mtima woyera. Koma inu mwandiloleza kusabwera mwaulemu, ngati mukuloleza mwana wa sukulu kupita kukamwa madzi. Simunasowe ngakhale tulo? Lembani kuti munasowa, ngakhale likhale bodza.

Dzulo pa nkhomaliro ndinaona pamene mdala wa kireni amadyera. Amakhala pa kabokosi, msana atatsamira khoma loyang'anizana ndi gudumu lachiwiri, akuti makina akamayenda pamafunda bwino, nyamakazi imamusiya. Gudumu lopsa silichenjeza. Limang'aluka m'kati mwakachetechete, tsiku lina n'kutulukira m'chivindikiro. Mwina chaka chino, mwina patapita zaka, mwina osachitika n'komwe. A Zilibwino akugulitsa mwina womalizayo, ndipo ogula ndi ambiri. Mdalayo anandiona ndikumuyang'ana, anandinyemera buledi wake.

A Zilibwino akufuna yankho Lachisanu.

M. T.


24 Ogasiti

Mng'ono wanga,

Usadabwe kuti kalata ndi yako, sindinadwale. Uli bwanji, iwe wotsitsa makatani a eni? Ine ndili bwino. M'kantini ndikudya ndekha patebulo lalitali, ngati mfumukazi kapena wodwala mphere. Za pulayala alamu ako anakuuza, ndikudziwa, munthu uja sasunga kanthu. Ndinaibweza kwa mwini wake, chikalata sindinasaine. Analandira osandiyang'ana. Makina ali chitsegukire, tawafunditsa lona, tikudikira zisa. Pa tsiku la sukulu sindidzakhalako.

Ndiye tamvera, ndipo usandiyankhe kuti ukudziwa kale.

Chikwama chikubwera ndi dalaivala. Yunifomu ukagule iwe, yokulirapo, koma osati yosesera msewu. Alamu ako asapite nawo, angagule ya sukulu ina. Nsapato azizivala m'nyumba masiku angapo kuti zisadzamulume pa tsikulo. Usadzamuluke zothina, mutu ungamuwawe, ndaona pazithunzi kuti umakoka kwambiri pachipumi. Zimaoneka bwino, ndavomera, usandikakamize kubwereza. M'chikwama umuikire buledi ndi nthochi, osati mazira owiritsa, anzake angamupatse dzina tsiku loyamba lomwe.

Panjira iwe ukhale mbali ya magalimoto. Akachita mantha sanena, amangoyamba mafunso opanda mutu, za agalu, za mitambo, zoti nyerere zimagona kuti. Ankatero ali ndi zaka zitatu. Ngati anasintha, wodziwa ndiwe. Umuyankhe onse.

Ndipo pageti, pakati pa anthu, akakuitana muja amakuitanira, usayambe kumukonza chifukwa choopa ine. Tsiku limenelo mwana asavutike ndi maudindo a anthu akuluakulu. Uyankhe. Koma usadzandiuze kuti unayankha. Chithunzi ajambule alamu ako chakumbuyo, ndione chikwama ndi timiyendo, nkhope yako ndikuidziwa.

Ndinakupempha ndekha kuti usiye zako ubwere m'nyumbamo, sindinaiwale. Ndinkangoyembekeza kuti uzichita bwino pang'ono, osati chonchi.

Mkulu wako


20 Seputembala

Mng'ono wanga, ndi inu Aphunzitsi amene mukuwerengera paphewa pake,

Ndikhulupirira muli bwino, koma osati kwambiri. Ine msana wasiya.

Zisa zinafika, tinaziika. Waya anatuluka wophwatalala, mpata chikhadabo chimodzi, ndipo mdala wa kireni anamukweza m'mwamba ngati wagwira nsomba. Gudumu lachiwiri anabwera akatswiri kudzaliunika, sanapeze mng'alu. A Zilibwino akuyenda chifuwa patsogolo, akuti mwaonatu. Mwina likanapirira chaka china, sitidzadziwa. Za kontirakiti ali chete, ndipo akakumana nane amawerenga zolembedwa pakhoma. Patebulo panga pabwerera anthu awiri, mmodzi chifukwa mchere uli kumeneko.

Kalata yako ndaiwerenga mpaka yang'ambika popinda. Ukuti mutatsala pang'ono kufika Tsabola anasolola dzanja lake, anati, "Ndisiyeni, anthu akuona," n'kuthamangira m'kati osacheuka. Ukuti unatsala pageti dzanja lili chitambasulire mpaka mlonda anakufunsa ngati ukupempha. Ukuti unalira njira yonse. Mng'ono wanga, ndikanakonda kukuuza kuti ndinamva chisoni. Ndinaseka mpaka wa chipinda chinacho anagogoda khoma. Kenako ndinalira nanenso, koma imeneyo inali misozi yanga, sinakukhudze. Mpango umene alamu ako anakubwereka uchape, uwabwezere.

Tsopano pali nkhani. Lamlungu pafoni mwana sanatchule iwe, sanatchule ine. Madamu anati tisamadye tikuyenda. Madamu ali ndi wotchi yonyezimira. Madamu akaseka amagwira pakamwa. Nditamuuza kuti ndikubwera mwezi wamawa, anati ndifike Loweruka, masiku enawo amakhala ndi Madamu. Ukutinso wayamba kukana malukidwe ako chifukwa Madamu amakonda tsitsi lomanga kumbuyo.

Madamu ameneyu ndani? Ali ndi zaka zingati, anaphunzira kuti, alibe ana ake? Alamu ako asatumidwe kukafufuza, angabwereko atanenepanso.

Tchuthi andidulira, koma Lolemba limodzi lilimo. Tidzapita tonse awiri pageti, iwe uku ine uku, tikamuone ndi maso athu. Uvale bwino, koma osaposa ine.

Mkulu wako,
Make Tsabola